Kombi yaima, m'mimba mwayamba: zimene zimathandiza pa mantha okhala kutali ndi chimbudzi

Vutoli limayamba munthu usanatuluke n'komwe m'nyumba. Wavala kale, chikwama chili paphewa, koma ukubwereranso kuchimbudzi kachitatu ngakhale palibe chotuluka. Ukafika pokwerera kombi ku Mufakose kapena ku Mabvuku, maso amathamangira mpando wa pakhomo. Hwindi, kondakitala wa kombi uja, akakukankhira kumbuyo kwenikweni, kuja kumene kutsika kumafuna kuti anthu atatu ayambe atsika kaye, mtima umayamba kugunda galimoto isanalize n'komwe. Ndiye kombi ikaima pamzere wa magalimoto mumsewu wa Simon Mazorodze, osayenda, m'mimba mumatembenuka, m'manja thukuta, ndipo mutu umangowerenga chinthu chimodzi: kuchokera pano kukafika pamene pali chimbudzi ndi mphindi zingati?

Mantha amenewa ndakhala nawo, ndipo ndacheza ndi akwathu ambiri kuno ku Harare amene ali nawo, amayi ndi abambo omwe. Mbiri yanga sindikamba. Ndilemba zimene zimagwira ntchito, zimene zimaoneka ngati zikuthandiza pamene zikukulitsa vuto, ndiponso chifukwa chake.

Poyamba tidziwe zimene thupi likuchita. Ubongo ndi matumbo zimalumikizana ndi mitsempha yambiri, n'chifukwa chake mwana wa sukulu amatsegula m'mimba tsiku la mayeso. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa adrenaline ndi timadzi tina tokonzekeretsa kuthawa ngozi. Mtima umathamanga, kupuma kumakhala kwapamwambapamwamba, matumbo akuluakulu amayamba kufinya msanga, ndipo chikhodzodzo chimamveka chodzaza pamene mulibe zambiri. Choncho kupanikizika kumene mukumva m'kombi si bodza ayi, thupi likumvadi. Koma si muyeso woona wa zimene zili m'kati. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mkodzo wapakati pa 400 ndi 600 ml, tingoti botolo la theka la lita. Chizindikiro choyamba chakuti kakodzeni chimabwera mukangofika pafupifupi 150 mpaka 250 ml, kapu imodzi ya tiyi. Chizindikiro chimenechi ndi uthenga chabe, malo adakalipo ambiri. Munthu wamantha amachimva ngati lamulo loti tsikani pompano.

Mantha aakulu aja, amene amakugwira mpaka kuona ngati ukomoka, nawonso ali ndi malire. Amakwera n'kufika pachimake pa mphindi pafupifupi 10, ndipo kawirikawiri pofika mphindi 20 kapena 30 amakhala atatsika okha, ngakhale osachita chilichonse. Ambiri sadziwa zimenezi chifukwa sanadikirepo. Amatsika kombi pa mphindi yachisanu, n'kupeza chimbudzi, mtima n'kukhala pansi, ubongo n'kuphunzira kuti chimene chawapulumutsa n'kutsikako. Mawa lake mantha amabwera msanga kuposa dzulo. Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Komabe musanayambe kulimbana ndi mantha, pitani kaye kukiliniki, chifukwa pali matenda amene amavala nkhope yomweyi. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kuonda popanda chifukwa, kutentha thupi, kudzuka usiku ndi kutsegula m'mimba, kapena kachitidwe ka m'mimba kasintha kwa milungu ingapo pamene mwapitirira zaka 50, musanene kuti ndi nkhawa. Ku mbali ya mkodzo, kuwotcha pokodza kumasonyeza matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo amayezedwa ndi kabotolo kamodzi basi. Ludzu losatha pamodzi ndi kukodza pafupipafupi usana ndi usiku ndi zizindikiro za shuga. Magazi kumapeto kwa mkodzo, makamaka ngati munasambako kunyanja kapena kudambo muli kumudzi, akhoza kukhala likodzo. Abambo achikulire amene mkodzo ukutuluka mofooka, kudonthadontha, akayezetse prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Tengani mankhwala onse amene mukumwa mukawaonetse, chifukwa metformin wa shuga amatsegula m'mimba anthu ambiri, maantibayotiki enanso chimodzimodzi, ndipo mapiritsi ena a BP ntchito yawo ndi kukodzetsa kumene. Musawasiye nokha. Nthawi zambiri chimangofunika n'kusintha nthawi yomwera, ndipo zimenezo ndi za adokotala.

Chinthu china chosaseweretsa mumzinda uno: Harare anaona kolera mu 2008, anaionanso mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro, ndiponso mu 2023. Kutsegula m'mimba kwamadzi okhaokha, kooneka ngati madzi otsukira mpunga, kobwera kambirimbiri pa maola ochepa, si nkhawa. Yambani kumwa ORS, madzi a mchere ndi shuga aja, nthawi yomweyo ndipo thamangirani kuchipatala.

Akakuyezani n'kupeza kuti palibe, kapena akakuuzani kuti ndi IBS, matumbo osachedwa kukwiya aja, ndiye ntchito iyambike. Tengani kope la mwana wa sukulu ndi jagi yokhala ndi mizere ya muyeso, yosiyana ndi ya kukhitchini. Kwa masiku atatu, lembani nthawi iliyonse imene mwakodza, kuchuluka kwake, zimene mwamwa ndi kudya, ndi pamene munali. Lembaninso nthawi imene mwachita chimbudzi ndi maonekedwe ake. Ntchito yake ndi yonyansa pang'ono koma imatsegula maso. Munthu wabwinobwino amakodza ka 6 mpaka ka 8 patsiku. Ambiri a ife tikalemba timapeza ka 14 kapena ka 15, ndipo theka la maulendowo ndi 50 kapena 80 ml, osadzaza n'kapu yomwe. Timapezanso kuti Lamlungu masana, tili pakhomo chimbudzi chili apo, timatha maola atatu osaganizako. Chikhodzodzo ndi chomwecho, matumbo ndi omwewo. Chasintha ndi mtunda wopita kuchimbudzi basi.

Tsopano zolakwika zimene pafupifupi aliyense amachita, poganiza kuti akudziteteza.

Choyamba ndi kukodza "kuti mwina". Usanatuluke kunyumba, ukafika pokwerera makombi pa Copacabana, usanalowe m'shopu, usanakwerenso. Chikhodzodzo chimaphunzira. Mukamachikhuthula chili ndi 80 ml tsiku ndi tsiku, chimayamba kulira chikangofika 80 ml. Mwachichepetsa nokha.

Chachiwiri ndi kudzimana madzi. Munthu amachoka m'mawa osamwa kanthu, n'kukhala tsiku lonse padzuwa la mu October pa Mbare Musika pakhosi pali gwaa. Mkodzo umakhala wochepa inde, koma wachikasu kwambiri ndi waukali, ndipo mkodzo woterewu umanyerenyetsa khoma la chikhodzodzo, n'kumamveka ngati chadzaza. Kuwonjezera apo mumadzimbidwa, ndipo chimbudzi chouma chikadzaza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo chomwecho. Imwani lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri patsiku, pang'onopang'ono, osati kugugudiza theka la lita nthawi imodzi. Mkodzo uzioneka wachikasu chotuwa. Chimene muyenera kuchepetsa ndi tiyi wamphamvu, khofi, Coke ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija, chifukwa caffeine amene amapezeka m'zakumwazi amakodzetsa komanso amathamangitsa mtima, ndipo mtima ukathamanga ubongo umati ngozi yafika. Mowa nawo umakodzetsa, ndipo m'mawa wa matsire m'mimba simukhazikika. Akwathu tiyi timamukonda, ndikudziwa. Kapu imodzi yosapyapyala kwambiri komanso yosathithikana, m'mawa muli pakhomo, si tchimo.

Kusadya nakonso kumabweza m'mbuyo. Ukakhala ndi njala tsiku lonse, manja amanjenjemera ndipo mutu umazungulira, zimene zimafanana ndendende ndi chiyambi cha mantha. Madzulo umadzafika n'kudya nsima yambiri ndi ndiwo zamafuta nthawi imodzi, m'mawa m'mimba n'kusokonezeka, n'kumati mwaona, chakudya ndiye chimandilakwa.

Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito mmene matumbo amayendera mwachibadwa. Chakudya chikalowa m'mimba, matumbo akuluakulu amayamba kukankha zimene zili kumunsi, ndipo zimenezi zimakhala zamphamvu kwambiri m'mawa. Choncho dzukani ola limodzi nthawi yonyamuka isanakwane. Idyani phala kapena buledi ndi chakumwa chofunda. Pakatha mphindi 20 kapena 30, kakhaleni kuchimbudzi mphindi zisanu zokha, osadzikakamiza, osatenga foni. Ngati ndi chimbudzi chokhalira, ikani njerwa kapena kampando pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Chimbudzi chonjuta chija anthu amachinyoza, koma thupi limatulutsa bwino munthu atanjuta. Zitheke zisatheke, mphindi zisanu zikatha dzukani. Kodzani kamodzi musanatuluke, kamodzi kokha, ndipo mukatseka chitseko musabwerere. Masiku oyamba zimawawa. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mukuchita nthawi yofanana tsiku lililonse, matumbo amayamba kusunga nthawiyo. Popeza madzi a m'mipope m'madera ambiri amabwera mwa apo ndi apo, tungiranitu ndowa usiku, kuti m'mawa musayambe ndi nkhawa yoti mugejemula ndi chiyani.

Nanga zikakugwirani muli m'kati mwa kombi? Chinthu choyamba, musadzuke kapena kugwedezekagwedezeka. Kuthamanga ndi kudumphadumpha kumakankha chikhodzodzo. Khalani phee, mapazi onse pansi, mapewa agwe. Finyani minofu ya kumunsi, ija mumagwira nayo mphweya muli pagulu, msangamsanga kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kufinya n'kusiya. Kufinya kumeneku kumatumiza uthenga kuchikhodzodzo kuti chileke kufinya, ndipo kupanikizika kumatsika ngati funde. Kenako kupuma. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere osati chifuwa, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Chofunika kwambiri n'kutulutsako, chifukwa ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Anthu amalakwitsa pokoka mpweya wambiri motsatizana, ati apume mozama, n'kuyamba chizungulire ndi dzanzi m'zala, mantha n'kuwirikiza. Chitani kakhumi, ndi mphindi ziwiri zosakwana.

Mukatero chotsani maso m'mimba mwanu. Munthu akamafufuza m'thupi mwake mphindi iliyonse, amapezamo kanthu nthawi zonse, chifukwa matumbo sagona. Werengani magalimoto oyera amene akudutsa, kapena chotsani 7 pa 100 mpaka mutsike kufika pansi, kapena imbani chamumtima nyimbo ya kwaya ndime zonse. Yang'anani wotchi pamene zayamba, ndipo muiyang'anenso pamene zatsika. Nambala ya mphindi zimene zadutsa ilembeni m'kope lija madzulo. Pakatha mwezi mudzakhala ndi umboni wolembedwa ndi dzanja lanu, umene umaposa mawu a aliyense wokulimbikitsani.

Minofu ya kumunsiyo imafunanso kuilimbitsa pa nthawi ya mtendere. Finyani n'kugwira masekondi 5, kupumula masekondi 5, kakhumi, katatu patsiku, ndipo muzionjezera mpaka masekondi 10. Musafinye matako kapena ntchafu, musagwire mpweya, ndipo musamachite izi mukukodza, chifukwa zimasokoneza kukhuthula kwa chikhodzodzo. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi pafupifupi itatu. Amayi amene anabereka ana angapo ndi amene amapindula kwambiri, koma abambo minofuyi ali nayonso. Pamodzi ndi zimenezi, talikitsani nthawi ya pakati pa kukodza. Ngati kope likuonetsa kuti mumapita ola lililonse, mlungu uno dikirani ola ndi mphindi 10 kapena 15, mlungu wamawa onjezaninso, mpaka mufike maola atatu kapena anayi. Yambirani pakhomo, pamene kulephera kulibe mtengo.

Gawo lovuta, limenenso ndi lochiritsa kwenikweni, ndi kubwerera kumalo amene munawathawa. Lembani malo khumi, kuyambira osaopsa kwambiri mpaka oopsetsetsa, ndipo lililonse mulipatse nambala ya kukula kwa mantha, kuchokera pa 0 mpaka 10. Kwa munthu wa ku Highfield, loyamba likhoza kukhala kuyenda wapansi kukafika ku Machipisa n'kubwerera osalowa m'chimbudzi chilichonse. Lachiwiri, kukwera kombi mtunda waufupi masana, pamene msewu uli wopanda anthu, mutakhala pakhomo. Kenako ulendo womwewo mutakhala mzere wachiwiri, kenako kumbuyo, kenako mpaka m'tauni, kenako nthawi ya m'mawa magalimoto atathithikana. Kukhala pakati pa benchi kutchalitchi m'malo mwa kumapeto kufupi ndi khomo. Kuima pamzere kubanki osachokapo. Kuperekeza maliro mpaka kumanda a ku Mbudzi pa basi ya anthu onse, kumene ulendo ndi mwambo zimatenga maola.

Lamulo lake ndi ili: yambani ndi chimene chili pa 3 kapena 4, chichiteni tsiku lililonse kapena masiku anayi pamlungu, ndipo musachoke mantha ali pamwamba. Khalani mpaka atsike ndi theka. Mukachita katatu kapena kanayi n'kuona kuti chatsika kufika pa 2, kwerani sitepe ina. Zimene zimalepheretsa ndi ziwiri. Ena amalumpha masitepe tsiku limene adzuka bwino, n'kukagwidwa ndi mantha aakulu, n'kusiya zonse. Ena amachita kamodzi pamwezi, ndipo ubongo umayesa kuti inali mwayi chabe. Palinso chinyengo chobisika: kukwera kombi inde, koma osadya, osamwa, mutamwa mapiritsi, ndiponso mutaloweza chimbudzi chilichonse cha m'njira. Mukafika bwino, ubongo umathokoza mapiritsi ndi njalayo, osati thupi lanu. Zodzitetezera zimenezi zichotseni chimodzichimodzi pamene mukukwera.

Sindikunena kuti muziyenda chimanjamanja. Kudziwa kuti pa malo omwetsera mafuta, m'malo odyera, ndi m'nyumba zamashopu ngati Joina City kapena Eastgate mumapezeka zimbudzi ndi nzeru wamba za munthu wa m'tauni. Kusunga ndalama yaing'ono yolipirira pakhomo n'kwabwino, chifukwa tchenji kuno ndi nkhani ina. M'chikwama muzikhala tishu, kasopo kapena sanitaiza, kabudula wam'kati mmodzi, ndi jumbo yakuda. Amayi chitenje muli nacho kale, ndipo palibe chida choposa chimenecho. Kusiyana kwake kuli apa: kachikwamako kalongedzeni kamodzi n'kukaiwala. Mukayamba kukatsegula katatu musananyamuke kuti muone ngati tishu ilimo, kasanduka mbali ya matenda.

Loperamide, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Imodium, ali ndi malo ake. Kapisozi mmodzi ndi 2 mg. Amachedwetsa matumbo, ndipo kwa munthu wa IBS yotsegula m'mimba amathandiza pa tsiku lapadera ngati la ulendo wautali kapena la ukwati. Muyeseni kaye tsiku limene muli pakhomo, kapisozi mmodzi, muone mmene thupi likumulandirira. Musapitirire makapisozi 4 patsiku popanda mawu a dokotala, musamwe ngati muli ndi magazi m'chimbudzi, thupi likutentha, kapena mukukayikira kolera, ndipo musapatse ana. Kumwa tsiku lililonse chifukwa cha mantha kumabweretsa kudzimbidwa, kenako mimba kutupa ndi kupweteka, kenako kutsegula kwadzidzidzi, chimene munkathawa chija.

Funso limene aliyense amalisunga mumtima ndi loti, nanga zitachitikadi? Ambiri amene ali ndi mantha amenewa sizinawachitikirepo, kapena zinachitika kamodzi kalekale akudwala m'mimba. Koma liyankheni funsolo mpaka kumapeto, musalisiye lili lendelende. Mungamange chitenje kapena juzi m'chiuno, mungatsike, mungapemphe chimbudzi pa shopu kapena nyumba yapafupi, mungasinthe, mungabwerere kunyumba. Chishona chake n'chosavuta, liwu loti chimbudzi ndi pafupifupi lathu lomwe: "Ndinokumbirawo kushandisa chimbuzi." Anthu a m'kombimo simudzawaonanso, ndipo aliyense wa iwo mimba inamuvutapo. Manyazi a ola limodzi ndi owawa, koma ena ataya ntchito, asiya kupita kumaliro a abale mpaka kutchedwa odzikonda, chifukwa choopa ola limenelo.

Uzaniko munthu mmodzi. Kwa amuna anu kapena akazi anu, mawu ochepa akwana: "Ndikakhala kutali ndi chimbudzi ndimagwidwa mantha, ndikuphunzira kuthana nawo. Mukandiona ndili chete m'kombi musandifunse kuti muli bwanji, ingondichezetsani nkhani zina." Mfundo yomalizayo ndi yofunika, chifukwa wachibale wachikondi amene amafunsa mphindi iliyonse kuti "simukufuna kutsika?" amakubwezerani maso m'mimba.

Ngati mwayesa miyezi iwiri kapena itatu osasuntha, kapena mwafika posatuluka m'nyumba, kapena tulo ndi chilakolako cha chakudya zatha, funani thandizo. Kuno tili ndi mwayi wa Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006. Agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi m'makiliniki a mumzinda n'kumacheza ndi anthu amene avutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Funsani anesi pa kiliniki ya kwanu. Iwo angakutumizeninso kwa madokotala a maganizo kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. Chithandizo chocheza chotchedwa CBT chimatsata masitepe ngati ndafotokozawa, koma muli ndi wokuyendetsani. Pali mankhwala a nkhawa omwa tsiku lililonse, amene amatenga milungu inayi mpaka isanu n'umodzi kuti ayambe kugwira, ndipo mlungu woyamba amatha kusokoneza m'mimba pang'ono, choncho musadabwe n'kuwataya. Mapiritsi ogonetsa ngati diazepam ogula mwamseri apeweni, amazolowereka msanga.

Sitepe yapamwamba kwa ambiri a ife ndi ulendo wa kumudzi. Kuchokera ku Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Mutoko, chipata cha Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Ena atha zaka osakaona makolo chifukwa cha msewu umenewu. Muuganize m'zidutswa, osati wonse nthawi imodzi: basi imaima pa zipata zonse ziwiri, ndipo pamenepo aliyense amatsika ndi pasipoti yake, nthawi imakhalapo. Dzulo lake idyani zimene thupi linazizolowera, osayesa zachilendo, osamwa mowa. M'mawa chitani mwambo wanu uja wa phala ndi mphindi zisanu. Panjira imwani madzi a m'botolo pang'onopang'ono, makamaka chigawo cha Tete kumene kumatentha zedi, ndipo idyani zouma ngati buledi, nthochi kapena mbatata yophika, kusiya zokazinga za m'mbali mwa msewu. Basi ikaima pitani kamodzi, osabwereza kachiwiri isananyamuke. Pokwera, muuzeni kondakitala mwakachetechete kuti, "Achimwene, m'mimba simuli bwino kwenikweni, ndikakukodolani mundiimitsire." Amamva zimenezi ulendo uliwonse. Mpando sankhani wa m'mbali mwa kanjira, chapakati pa basi, ndipo kope lija likhale m'thumba la malaya pamodzi ndi cholembera.